Galimoto za ozimitsa moto ndi mayina ake a pa wailesi: mafunso ndi mayankho

Galimoto za ozimitsa moto zikamadutsa zikulira, ambirife timangoona kufiira kwake n'kuganiza kuti zonse ndi zofanana. Sizili choncho ayi. Ina imanyamula madzi ndi mapaipi, ina makwerero koma ilibe thanki, ina zida zodulira zitsulo. Iliyonse ili ndi dzina lake la pa wailesi, ndipo dzinalo limauza wotumiza galimoto ntchito imene ingagwire ikafika. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa New York ndi London, mizinda iwiri imene njira zake zogawira galimoto ndi zodziwika bwino komanso zosiyana kwambiri.

Kodi kusiyana kwenikweni kuli pati pakati pa engine ndi ladder?

Ku America, galimoto yotchedwa engine ntchito yake ndi madzi. Ili ndi pampu, thanki ndi mapaipi ambirimbiri opindidwa kumbuyo kwake. Ikafika pamalo, dalaivala amaiimika pafupi ndi mpopi wa m'mbali mwa msewu, n'kulumikiza, pamene anzake akukoka paipi kulowa nayo m'nyumba kukalimbana ndi moto pamene wayambira. Ku New York gulu lotere limakhala ndi mkulu mmodzi ndi anthu anayi kapena asanu, ndipo aliyense amadziwiratu malo ake asanatsike: wogwira kukamwa kwa paipi, womuchirikiza kumbuyo kuti mphamvu ya madzi isamugwetse, woongola paipi pakhomo kuti isapindike.

Ladder, imene ozimitsa moto eni ake amangoti truck akamacheza, ntchito yake ndi anthu ndi utsi. Gulu lake limathyola zitseko, limafufuza m'zipinda ngati muli munthu wokomoka, limaboola denga ndi kuswa mawindo kuti utsi ndi kutentha zituluke, limatsitsa anthu amene atsekeredwa pamwamba. Ku New York galimoto imeneyi ilibe pampu yozimira moto. Madzi amene gulu lake limalowa nawo ndi a m'kachitini konyamula pamanja, ka malita osakwana 10, kongothandiza kuletsa moto pakhomo kwa kamphindi mpaka paipi ifike. Mnzake wa wonyamula kachitiniyo amanyamula nkhwangwa ndi chitsulo chokanulira zitseko chotchedwa Halligan, chimene anachikonza Hugh Halligan, mmodzi wa akuluakulu a ozimitsa moto mumzindawo, mu 1948.

Magulu awiriwa amadalirana kotheratu. A ladder akaswa mawindo madzi asanafike, mpweya umalowa ndipo moto umalusa kuposa poyamba. A engine akalowa utsi usanatsegulidwire njira, saona kanthu ndipo nthunzi imawawotcha. N'chifukwa chake ku New York, kumene kuli magulu a engine 197 ndi a ladder 143, masiteshoni ambiri amasunga galimoto ziwirizi pamodzi. Siteshoni ya pa Liberty Street, moyang'anana ndi pamene panali World Trade Center, ili ndi Engine 10 ndi Ladder 10, ndipo anthu amangoitcha Ten House.

Nanga ku London amagawanso chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka akamaonera mavidiyo a pa intaneti. Ku Britain galimoto imodzi imagwira ntchito zonse ziwiri. Anthu omwewo amakoka paipi, amafufuza m'zipinda, amaimika makwerero. London Fire Brigade ili ndi mitundu iwiri ya galimoto za tsiku ndi tsiku, pump ladder ndi pump, zomwe mukaziona pamsewu simungazisiyanitse msanga. Kusiyana kwake kuli pa makwerero a padenga: pump ladder imanyamula a mamita 13.5, pump a mamita 9. Galimoto ya makwerero aakulu ozungulira ilipo, koma ndi yapadera, imapezeka m'masiteshoni ochepa, ndipo imabwera ndi anthu ochepa oiyendetsa basi, osati gulu lonse lofufuza anthu monga ku America.

Kodi makwerero aakulu aja onse ndi amodzi?

Ali mitundu itatu imene muyenera kuidziwa. Woyamba ndi makwerero oongoka amene amafutukuka kuchokera pa mbale yozungulira kumbuyo kwa galimoto. A ku New York amafika mamita pafupifupi 30. Wachiwiri ndi mkono wachitsulo wokhala ndi dengu kumapeto, umene amati tower ladder. M'dengumo mumaima anthu, mumatsitsidwa wovulala kapena gogo amene sangathe kutsika makwerero, ndipo muli paipi yaikulu yopopera madzi kuchokera m'mwamba. New York inayamba kugwiritsa ntchito mtundu umenewu mu 1964.

Wachitatu ndi umene umadabwitsa alendo: galimoto yaitali yokoka ngolo, yokhala ndi madalaivala awiri, wina kutsogolo wina m'kachipinda kakang'ono kumbuyo kwenikweni akuwongolera matayala a kumbuyo. Amaitcha tiller. Ngakhale ndi yaitali chotero, imakhota m'timisewu tating'ono tomwe galimoto yaifupi yosapindika pakati imalephera.

Ajeremani amalemba mphamvu ya makwerero m'dzina lenilenilo. Galimoto yotchedwa DLK 23/12 ndi ya makwerero ozungulira okhala ndi dengu, amene angafikire munthu pa msinkhu wa mamita 23 galimoto itaima mamita 12 kuchokera pa khoma. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yoona mtima kuposa kungotchula utali wa makwerero, chifukwa galimoto siiima pakhoma penipeni. Pamakhala mpanda, mitengo, galimoto za anthu zoimikidwa, ndipo mita iliyonse imene galimoto yatalikira imadya msinkhu umene makwerero akanafika.

Ndinamvapo dzina loti quint. Ndi chiyani?

Ndi galimoto yosakaniza zinthu zisanu: pampu, thanki, mapaipi, makwerero onyamula pamanja ndi makwerero aakulu. Mzinda wa St. Louis ku America unasintha pafupifupi galimoto zake zonse kukhala zotere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Matauni ang'onoang'ono amaikonda chifukwa agula imodzi m'malo mwa ziwiri. Vuto lake ndi loti galimoto imodzi singaime malo awiri, pa mpopi ndi pansi pa windo, ndipo anthu anayi sangagwire ntchito ya anthu khumi chifukwa choti zida zonse zili pagalimoto imodzi.

Chifukwa chiyani madzi amawathera msanga? Kodi amabwera ndi thanki yosadzaza?

Funso limeneli limamveka kawirikawiri kwathu kuno moto ukabuka pamsika kapena m'makwalala, ndipo nthawi zina anthu amafika polusira ozimitsa moto. Tiyeni tiwerengere. Engine ya ku New York imanyamula magaloni 500, omwe ndi malita pafupifupi 1,900. Paipi imodzi yolowa nayo m'nyumba imatulutsa malita pafupifupi 680 pa mphindi. Ndiye kuti thanki yodzaza mpaka pakamwa imauma mphindi zitatu zisanakwane, paipi ili imodzi yokha. Galimoto za ku London zimanyamula ochepera pamenepo. Thanki ya pagalimoto sinapangidwire kuzima moto wonse. Ntchito yake ndi kuyambitsa nkhondo pamene dalaivala akulumikiza ku mpopi wa mumsewu, kumene madzi ake satha.

Kumene kulibe mipopi yotere, kapena ilipo koma ndi youma kapena inakwiriridwa, pamafunika galimoto ina, yonyamula madzi okhaokha malita masauzande ambiri. M'midzi ya ku America amayala thanki yopinda ngati dziwe pafupi ndi engine, galimoto ya madzi imakhuthuliramo zonse m'kanthawi kochepa n'kuthamangira kukatunganso, ina ikubwera pambuyo pake, mosinthanasinthana mpaka moto uthe. Choncho mukamaweruza ozimitsa moto a mzinda uliwonse, kaya ndi Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba kumene ntchitoyi ili m'manja mwa makhonsolo, musamangowerenga galimoto zofiira. Funsani kuti mipopi yogwira ntchito ilipo ingati m'dera lanu, ndiponso galimoto zotunga madzi zilipo zingati.

Kodi tanker ndi tender ndi galimoto imodzi?

Kum'mawa kwa America galimoto ya madzi ija amati tanker. Kumadzulo, monga ku California kumene moto wa m'nkhalango ndi wa chaka ndi chaka, tanker ndi ndege yothira mankhwala ozimitsa moto kuchokera m'mwamba, ndipo galimoto ya madzi amati water tender. Mkulu wochokera kum'mawa atapempha tanker ali kumadzulo, angathe kulandira ndege pamene iye amafuna galimoto. Kusokonekera kwa mtundu wotere kunaoneka poyera pa moto waukulu wa ku California mu 1970, pamene magulu ochokera m'madera osiyanasiyana anakumana koma mawailesi ndi mayina awo sizinkagwirizana. Pambuyo pake panabadwa dongosolo lotchedwa Incident Command System, limene linakhazikitsa mayina ofanana kwa onse. M'dongosolo limeneli ya pansi ndi tender, ya m'mwamba ndi tanker.

Nanga manambala oti Type 1, Type 3, Type 6 amatanthauza chiyani?

Anachokera ku dongosolo lomweli, ndipo amanena mphamvu ya galimoto. Type 1 ndi Type 2 ndi za m'tauni, zozimira nyumba. Type 1 iyenera kukhala ndi pampu yotulutsa magaloni osachepera 1,000 pa mphindi ndi anthu anayi. Kuyambira Type 3 mpaka Type 7 ndi za m'tchire. Type 3 pampu yake ndi yaing'ono koma thanki yake sichepera magaloni 500, ndipo imakwera mapiri m'njira zafumbi. Type 6 ndi yaing'ono ngati pikiapu, ya anthu awiri, yotha kupopa madzi ikuyenda m'mbali mwa udzu woyaka. Mkulu akapempha strike team amalandira galimoto zisanu za mtundu umodzi ndi mtsogoleri wawo; akapempha task force amalandira zosakaniza.

Kodi rescue ndi ambulansi?

M'mizinda ina ya ku America inde, monga ku Los Angeles kumene ambulansi za ozimitsa moto zimatchedwa rescue ambulance. Ku New York ayi. Kumeneko Rescue ndi galimoto yaikulu ngati bokosi, yodzaza ndi zida zokhazokha: zodulira ndi kukanula zitsulo za galimoto yochita ngozi, mapilo a mpweya onyamulira sitima kapena khoma logwa, zingwe zotsikira m'nyumba zitalizitali, zovala zomirira m'madzi. Zilipo zisanu zokha, chigawo chilichonse cha mzinda imodzi: Rescue 1 ku Manhattan, imene inakhazikitsidwa mu 1915, Rescue 2 ku Brooklyn, Rescue 3 ku Bronx, Rescue 4 ku Queens ndi Rescue 5 ku Staten Island. Imodzi mwa ntchito zawo zazikulu ndi kupulumutsa ozimitsa moto anzawo akapanikizika. Pa 11 September 2001, nyumba za World Trade Center zitawombedwa ndi ndege, magulu onse asanu anapita kumeneko ndipo anataya anthu ambiri; ozimitsa moto onse amene anafa tsikulo anali 343.

Palinso Squad, yomwe maonekedwe ake ndi a engine ndipo m'dera lake imagwira ntchito ya engine, koma anthu ake anaphunziranso za chipulumutso ndi za mankhwala oopsa. Ku London galimoto yofanana ndi Rescue imatchedwa Fire Rescue Unit.

Kodi dzina la pa wailesi limapangidwa bwanji?

Ku New York ndi losavuta: mtundu wa galimoto ndi nambala ya gulu, monga Engine 10, Ladder 10, Rescue 1. Akuluakulu amaitanidwa ndi nambala ya dera limene amayang'anira, monga Battalion 1, ndipo pamwamba pawo pali Division. Ku Los Angeles nambala imatsata siteshoni, kotero ku siteshoni 3 kuli Engine 3 ndi Truck 3, ndipo engine yachiwiri imene imayenda limodzi ndi makwerero imawonjezeredwa 200 n'kukhala Engine 203. Truck 3 ndi Engine 203 zikatuluka pamodzi zimatchedwa Light Force 3.

Njira ya ku London ndi yothina koma yodzaza nkhani. Monga mmene BT kapena LL pa nambala ya galimoto imakuuzirani boma limene inalembetsedwa, chilembo choyamba chimanena chigawo cha mzinda: A, E, F, G kapena H, zomwe pa wailesi amatchula kuti Alpha, Echo, Foxtrot, Golf ndi Hotel kuti zisasokonekere m'phokoso. Manambala awiri otsatira ndi siteshoni. Nambala yomaliza ndi mtundu wa galimoto: 1 ndi pump ladder, 2 ndi pump, 3 ndi makwerero aakulu ozungulira, 6 ndi Fire Rescue Unit. Siteshoni ya North Kensington ndi G27, choncho G271 ndi G272 ndi galimoto zake ziwiri. Paddington ndi A21, ndipo amene wamva A213 wadziwa kale kuti makwerero aakulu a ku Paddington ali panjira, popanda kufunsanso china.

Ku Germany ozimitsa moto amayamba dzina la pa wailesi ndi Florian, woyera mtima amene amamutenga ngati nkhoswe yawo, kenako dzina la tauni ndi manambala a galimoto.

Ndani amasankha galimoto zimene zipite, ndipo amasankha bwanji?

Funso lofunika kuposa onse ndi limeneli. Wolandira foni sakhala pansi kuganiza kuti atumize ziti. Mtundu uliwonse wa ngozi uli ndi mndandanda wokonzedweratu: moto wa galimoto pamsewu, yakutiyakuti, moto wa nyumba, zakutizakuti, moto wa nyumba yansanjika zambiri, zochuluka kuposa apo. Wolandira foni amasankha mtundu wa ngozi malinga ndi zimene wauzidwa, ndipo kompyuta imatchula galimoto zoyenera zimene zili pafupi. Galimoto imene palibe pa mndandanda sinyamuka mpaka wina ataipempha.

Zimene zinachitika ku Grenfell Tower, nyumba yaitali yokhalamo anthu ku London, usiku wa pa 14 June 2017 zikusonyeza kulemera kwa mndandanda umenewu. Foni yoyamba inalowa nthawi ya 00:54, yonena za moto wa m'khitchini. Pofika 00:59 galimoto za ku North Kensington, G271 ndi G272, zinali zitafika. Kufulumira kunalipo. Koma panthawiyo mndandanda wa nyumba zitalizitali unalibe makwerero aakulu, poganiza kuti moto wa m'nyumba zotere umazimidwa kuchokera mkati ndipo sudutsa makoma a chipinda chimene wayambira. Moto utatulukira pawindo n'kugwira mapanelo a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki mkati amene anakutira nyumbayo kunja, mkulu wa pamalopo anapempha makwerero, ndipo A213 inafika cha m'ma 01:32, moto utakwera kale mpaka pamwamba. Makwerero ake anali a mamita 32 pamene nyumbayo, ya nsanjika 24, inali yaitali mamita oposa 60. Anthu 72 anafa.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti makwerero akanafika msanga akanapulumutsa onse. Kafukufuku amene anatsogolera Sir Martin Moore-Bick anapeza kuti chimene chinafalitsa moto ndi mapanelo aja, ndiponso kuti uphungu wouza anthu kukhalabe m'zipinda zawo unachedwa kusinthidwa. Komabe patangopita nthawi yochepa London Fire Brigade inasintha mndandanda wake kuti moto wa m'nyumba yaitali uzilandira galimoto zisanu ndi makwerero aakulu kuyambira pa foni yoyamba, ndipo kenako inagula makwerero atatu a mamita 64. Chimene chimandipweteka mtima pa nkhaniyi n'choti mndandanda umalembedwa masana, mu ofesi, zaka zambiri moto usanabuke, koma zotsatira zake zimagwera anthu amene ali pawindo usiku.

Moto ukakula amaonjezera bwanji galimoto?

Ku London mkulu wa pamalo amatumiza uthenga woti make pumps n'kutchula nambala, ndipo nambalayo ndi chiwerengero chonse chimene akufuna pamalopo, osati zongoonjezera. Ku Grenfell nambala inachoka pa 6 kufika pa 25 m'mphindi zosakwana 20, kenako inafika pa 40.

Ku America amawerenga ndi ma alarm. Ku New York gulu loyamba kufika likaona kuti moto ndi weniweni limanena 10-75, ndipo pomwepo pamakwana ma engine anayi, ma ladder, Rescue, Squad ndi akuluakulu. Pakati pawo pamakhala ladder imodzi yotchedwa FAST, imene anthu ake amaima panja atavala zonse, osagwira ntchito ina, kudikira ngati mnzawo angasowe kapena kugweredwa mkati. Woonerera angaganize kuti ndi aulesi, chonsecho ndiwo chiyembekezo cha amene ali mu utsi. Moto ukapitirira pamabwera second alarm, third alarm, mpaka fifth, iliyonse ndi gulu lake la galimoto. Malo a ngozi amatchulidwabe ndi nambala ya box, mwambo wochokera ku timabokosi ta m'makona a misewu timene anthu ankakoka poitana ozimitsa moto mafoni asanafale. Mzinda woyamba kukhala nato unali Boston mu 1852.

Galimoto zambiri zikapita kumalo amodzi, otumiza amasamutsa zina kuchokera kutali kukakhala m'masiteshoni amene atsala opanda kanthu, chifukwa moto wina sudikira kuti woyamba uzime.

Bwanji ku America munthu akadwala kumabwera galimoto yozimitsa moto?

Chifukwa masiteshoni ake ali ponseponse, ndipo engine nthawi zambiri imafika ambulansi isanafike. Anthu ake anaphunzira kutsitsimutsa mtima ndipo amayenda ndi makina ake. Ku New York nthambi ya ambulansi inalowa pansi pa ozimitsa moto mu 1996.

Galimoto za pabwalo la ndege n'zosiyana bwanji?

N'zazikulu, zamatayala akuluakulu otha kuyenda m'matope ndi m'udzu kunja kwa msewu wa ndege, ndipo zambiri ndi zachikasu kuti zizioneka patali. Zimanyamula madzi ochuluka pamodzi ndi mankhwala a thovu, popeza mafuta a ndege sazima ndi madzi okha. Thovu limaphimba mafutawo n'kuwamana mpweya. Paipi yake yaikulu ili padenga ndipo dalaivala kapena mnzake amaiwongolera ali mkati, galimoto isanaime n'komwe. Zodziwika kwambiri ndi Panther ya kampani ya Rosenbauer ya ku Austria ndi Striker ya Oshkosh ya ku America. Bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse la ICAO limaika mabwalo a ndege m'magulu kuyambira 1 mpaka 10 potengera utali ndi kukula kwa ndege zimene zimatera, ndipo gulu lililonse lili ndi muyeso wake wa madzi, thovu ndi galimoto. Lamulo lake ndi loti galimoto yoyamba ifike paliponse pa msewu wa ndege mphindi zitatu zisanadutse. N'chifukwa chake mabwalo monga Kamuzu ndi Chileka ali ndi ozimitsa moto awoawo, ndipo galimoto zawo sizingangochoka kupita m'tauni ndege zikuyembekezeka kutera.

Ndikamaimba foni, ndinene chiyani kuti atumize zoyenera?

Yambani ndi malo, momveka bwino: msewu, nambala ya nyumba, chizindikiro chapafupi monga sukulu kapena malo omwetsera mafuta, ndi njira imene galimoto yaikulu ingadutse ngati ina ndi yothina. Kenako nenani chimene chikuyaka. Nyumba ya nsanjika zingati, ndipo moto uli pa nsanjika iti? Zimenezi ndi zimene zimadzutsa galimoto ya makwerero. Kodi muli anthu mkati, angati, mbali iti? Ku London uthenga woti muli anthu umasintha kachitidwe konse, ndipo gulu limatsika litavala kale masilinda a mpweya. Ngati ndi ngozi ya pamsewu, nenani ngati wina wapanikizika m'zitsulo kuti zida zodulira zinyamuke pompo. Ngati pali masilinda a gasi, mafuta, feteleza kapena mankhwala, musabise, ngakhale zitakhala kuti zinasungidwa mosaloledwa. Ngati mukudziwa kuti dera lanu lilibe mpopi wa ozimitsa moto, kapena pafupi pali dziwe kapena mtsinje, tchulani.

Wolandira foni akamafunsa mafunso ambiri musapse mtima n'kudula, chifukwa m'malo ambiri galimoto zoyamba zimakhala zatumizidwa kale iye akulankhula nanu, ndipo mayankho anu akupita kwa amene ali panjira. Abale amene muli ku Britain nambala ndi 999, ku America ndi 911, m'maiko a European Union ndi 112, ndipo ku South Africa ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.